Ulendo wa Mneni "Kupatsa" m'Ziyankhulo za ku China

Munthu wa ku Hong Kong akafuna kunena kuti mnzake wamenyedwa, amati *keoi bei jan daa*. Tikatsata liwu ndi liwu, akuti "iye, patsa, munthu, menya." Mphatso palibe apa, chilipo ndi munthu wotupa nkhope. Komatu liwu lomwe lasenza tanthauzo la kumenyedwalo ndi *bei*, lomwe lija amanena akamapatsa mwana ndalama yokwerera basi. Ku Tainan, pachilumba cha Taiwan, woyankhula Chihokkien amati *i hoo lang phah*, ndipo *hoo* ndi kupatsa. Mhakka wa ku Meixian ali ndi *bun*, wa ku Shanghai ali ndi *peq*, wa ku Beijing ali ndi *gei*. Mawu asanuwa sadachokere onse kumodzi, ndipo eni ake atakumana, aliyense n'kumayankhula chakwawo, sangamvane. Koma onse adayenda ulendo wofanana. Adayamba ngati aneni onena za chinthu chochoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, kenaka adayamba kugwira ntchito za malamulo a chiyankhulo.

Tikumbukire zomwe tidaphunzira kusukulu za misintho ya aneni. Ife timati phika, phikira, phikitsa, phikidwa. Tsinde ndi limodzi, timangowonjezera kachidutswa kumapeto, ndipo womva amadziwa yemwe wachitiridwa, yemwe wachititsidwa ndi chomwe chachitidwa. Mneni wa Chitchaina alibe mchira wotere. Amakhala momwe alili, kawirikawiri phatikizo limodzi lokha. Ntchito zomwe kwathu zimagwiridwa ndi -ir-, -its- ndi -idw-, kumeneko zimagwera timawu toima patokha, ndipo tambiri mwa timawuti tidali aneni enieni kale. Ophunzira a ku China adaziona kalekale zimenezi. Ankagawa mawu m'magulu awiri, odzadza ndi opanda kanthu, ndipo Zhou Boqi, mlembi wa m'zaka za m'ma 1300, adazindikira kuti opanda kanthuwo adali odzadza pachiyambi. Ku Ulaya ganizoli lidapatsidwa dzina ndi Antoine Meillet mu 1912. Nafenso chitsanzo tili nacho pakhomo: "kuti" wolumikiza ziganizo uja ndi mneni -ti wonena za kuyankhula.

Mbiri ya aneni opatsa imayambira pa mafupa. Mu 1899 Wang Yirong, mkulu wa maphunziro ku Beijing, adazindikira kuti zokandakanda za pa mafupa akale omwe ankagulitsidwa ngati mankhwala zidali zilembo. Mafupawo ankafukulidwa pafupi ndi Anyang, likulu lomaliza la mafumu a Shang, ndipo adayamba kulembedwa cha m'ma 1250 Khristu asanabadwe. Adali mapewa a ng'ombe ndi zigoba za akamba zomwe alauli a mfumu ankaziwotcha poombeza. Pa mafupawa pali mneni 畀, wowerengedwa *bi* masiku ano, wotanthauza kupatsa. Chilembo chomwechi ndicho anthu a ku Guangzhou ndi ku Hong Kong amalembera *bei* wawo mpaka lero.

Mafumu a Zhou, omwe adagonjetsa a Shang cha m'ma 1046 Khristu asanabadwe, ankalamulira popatsa. Nduna ikalandira mphatso kwa mfumu, inkasulitsa mphika wa mkuwa n'kulemba mphatsoyo m'kati mwake kuti zidzukulu zidzaone. Mphika wa miyendo itatu wotchedwa Da Yu ding, womwe uli ku National Museum of China ku Beijing, umanena za Mfumu Kang ikuninkha nduna yake mowa wa nsembe, zovala, galeta, akavalo ndi anthu oigwirira ntchito. Mneni wa m'zolemba zoterezi ndi 賜, *ci*, kupatsa kotsika kuchokera kwa wamkulu. Padalinso 獻, *xian*, kupereka kokwera kwa wamkulu, ngati mtulo. Aneni awiriwa adali aulemu ndi otchuka, koma si iwo omwe adatsogola posanduka mawu a malamulo a chiyankhulo. Adalemedwa ndi udindo. Sungawatchule osanena yemwe ali pamwamba ndi yemwe ali pansi.

Oyenda ulendo wautali adali aneni wamba, ndipo wamkulu mwa iwo adali 與, wowerengedwa *yu*. M'mabuku a nthawi ya Confucius ndi Mencius, *yu* ankatanthauza kupatsa, kaya wopatsayo ndi mfumu kaya ndi mlimi, ndipo ankagwiranso kale ntchito ya "ndi" wathu wonena za kukhala pamodzi. Liwu lili ngati khasu: lolimira tsiku ndi tsiku ndilo limaperepeseka, losungira mwambo limakhala momwe adalisulira.

M'nthawi ya mafumu a Han, kuyambira 206 Khristu asanabadwe mpaka 220 atabadwa, kudafala chizolowezi chogundaniza aneni awiri: gawa-patsa, tumiza-patsa, gulitsa-patsa. Woyamba ankanena mtundu wa ntchito, wachiwiri ankaloza wolandira. Zitsanzo zake zili m'buku la mbiri la Sima Qian, *Shiji*, lolembedwa cha m'ma 100 Khristu asanabadwe. Alain Peyraube, katswiri wa ku France yemwe adatsata nkhaniyi m'buku lake la 1988, adaonetsa kuti poyamba malo achiwiriwo ankalimbirana aneni angapo, koma m'kupita kwa mibadwo *yu* adapitikitsa anzake n'kutsala yekha. Atatsala yekha, akubwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse, anthu adaleka kumumva ngati ntchito yachiwiri. Pofika nthawi ya Tang, 618 mpaka 907, adali atasanduka mperekezi wofanana ndi "kwa" wathu, ndipo ankathanso kutsogolera mneni kuti aonetse wochitiridwa.

Zonsezi zikudziwika movutikira. Alembi a boma ndi ophunzira adamamatira kalembedwe kamakedzana kwa zaka pafupifupi 2,000, chiyankhulo cha pamsika n'kumasintha iwo osachilemba. Otisungira mawu a anthu wamba ndi ena. Ndi amonke achibuda omwe ankamasulira malemba ochokera ku India kuyambira m'zaka za m'ma 100, pofuna kuti osaphunzira nawonso amve. Ndi nthano zolalikira zomwe zidapezeka mu 1900 m'phanga lomatidwa ku Dunhuang. Ndi *Zutang ji*, buku la 952 lolembedwa ku Quanzhou, momwe muli zokambirana za aphunzitsi achibuda ndi ophunzira awo.

Koma mboni yomwe imandigwira mtima koposa ndi kabuku ka amalonda. M'zaka za m'ma 1300, a Mongol akulamulira China, ku Korea kudalembedwa buku lophunzitsira Chitchaina choyankhula lotchedwa *Laoqida*, lomwe eni ake amati *Nogeoldae*. Limatsata amalonda a ku Korea omwe akupita ku Beijing kukagulitsa akavalo, nsalu ndi mizu ya ginseng. Akupempha malo ogona, akunenerera mitengo, akukangana za ndalama. M'nkhani zotere kupatsana sikutha. Popeza omasulira a boma la Korea ankafunika kuyankhula zomwe zikumveka panthawiyo, osati za agogo, bukulo linkakonzedwanso mibadwo ikamapita. Tikayika makope ake moyandikana, timaona mneni akusintha pamaso pathu. Poyamba padali *yu*. M'makope apambuyo mudalowa 饋, wowerengedwa *kui*. Kope la 1761 lili ndi 給, *gei* wa lero. Chilembo cha 給 n'chakale, koma kalelo chinkawerengedwa *ji* n'kumatanthauza kupereka zokwanira, monga phoso la asilikali. Olemba adachibwereka kuti alembere liwu lomwe lidali kale pakamwa pa anthu a kumpoto. Mu *Honglou meng*, buku la nkhani la Cao Xueqin lomwe lidasindikizidwa mu 1791, *gei* adali atakhazikika, ndipo kuyambira pamenepo *yu* adayamba kutsalira m'kalembedwe kaulemu.

*Gei* adalowa ufumu wa *yu* n'kuukuza. *Wo gei ni qian*, ndikupatsa ndalama: apa ndi mneni weniweni. *Wo xie xin gei ni*, ndikulembera kalata: apa akuloza wolandira. *Mama gei wo zuo fan*, amayi akundiphikira: chakudyacho mwina sichinafike n'komwe m'manja mwanga, chomwe ndalandira ndi thandizo. *Gei wo kankan*, ndiloleni ndione: apa chopatsidwa ndi mpata. Bambo wopsa mtima amati *ni gei wo chuqu*, unditulukire muno, ndipo Mchewa samva chachilendo m'menemo chifukwa nafe timati "undichokere pano."

Mpaka apa njira ndi yosalala, chifukwa m'zonsezi muli wina wolandira kanthu. Chovuta ndi chomaliza. Kupatsa kudasanduka bwanji kuchitidwa? Wopatsa ndiye mwini mphamvu, pamene wochitidwa alibe chonena. Yankho lomwe akatswiri ambiri amavomereza, kuphatikizapo Jiang Shaoyu wa ku Peking University, n'lakuti podutsira pake padali kulola. Taonani chiganizo ichi: *rou gei gou chi le*, "nyama, patsa, galu, dya." Chitha kutanthauza kuti wina adatenga nyama n'kupatsa galu kuti adye. Chithanso kutanthauza kuti wina adalekerera galu mpaka adadya. Ndipo ngati nyamayo idali ndiwo ya madzulo, mwini wake ali kunja, palibe adapatsa, palibe adalola, chiganizo chomwecho chikungonena kuti nyama yadyedwa ndi galu. Liwu silidasinthe ngakhale limodzi, ndondomeko yake ndi yomweyo. Chasintha ndi chomwe womva akudziwa za mtima wa mwini nyama. Pakati pa kulola mofuna ndi kugweredwa tsoka pali kulekerera, kulola kosafuna kwa munthu yemwe walephera kuletsa. Ana omwe ankakula akumva ziganizo zoterezi pa nkhani za kuberedwa ndi kunamizidwa adazitola ngati njira yonenera kuchitidwa, ndipo adazipereka kwa ana awo zili choncho.

Kufotokoza kumeneku ndimakukhulupirira chifukwa ulendowo udasiya zipsera. M'Chikantonizi cha ku Hong Kong ndi ku Guangzhou, m'Chihokkien ndi m'Chihakka sunganene kuti "wamenyedwa" osatchula wommenya. Mneni wopatsa amafuna wolandira, ndipo ngakhale atasiya kupatsa, malo a wolandirayo sangakhale opanda munthu. Wommenya akakhala wosadziwika, amangoikapo liwu loti "munthu", *jan* ku Hong Kong, *lang* ku Taiwan. Ku Taiwan *hoo lang* wanenedwa kambiri mpaka mawu awiriwa adamatana n'kukhala *hong*. Yerekezani ndi 被, liwu la kuchitidwa la m'mabuku a Chimandarini cha ku Beijing, lomwe limamveka *bei* koma si mbale wa *bei* wa Chikantonizi. Ilo lidachokera ku chofunda, kenaka kufundidwa, kenaka kugweredwa, ndipo limaima bwinobwino popanda wochita. Chipsera china n'chakuti ziganizo za kupatsa kochitidwaku zimakonda matsoka: kulumidwa, kutukwanidwa, kugwidwa, kunyowetsedwa ndi mvula. Ku Jieyang, m'dera la Chaozhou, zidapitirira apo. Stephen Matthews, Xu Huiling ndi Virginia Yip adalemba mu 2005 kuti kumeneko mneni wopatsa, wotsatana ndi liwu loti "iye", amalowa ngakhale m'chiganizo chonena kuti khoma lagwa, pomwe palibe woligwetsa. Chatsala ndi tanthauzo loti chachitikacho n'choipa.

Tisaganize kuti ntchito zonsezi zidabadwa motsatizana pamzere umodzi. Hilary Chappell ndi Peyraube adaonetsa kuti njira zidapatukana: ina idapita kwa wolandira, ina kwa wololedwa mpaka kwa wochita. Ndiponso sikuti mneni aliyense wopatsa amafika kumapeto. *Hai* wa Chithai ndi *cho* wa Chivietnam amaloza wolandira, wochitiridwa ndi wololedwa, koma kuchitidwa ziyankhulozi zimakunena ndi mawu ena.

M'zaka za m'ma 1980, Mantaro Hashimoto wa ku Japan adayala mawu a kuchitidwa pa mapu a China n'kuona malire. Kumwera ambiri amachokera ku kupatsa. Kumpoto, m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, otchuka ndi *jiao*, kuitana kapena kutuma, ndi *rang*, kupatuka kapena kulola. Iye adati kumpoto kudatengera anansi a kuchipululu, makamaka Amanchu omwe adalamulira China kuyambira 1644 mpaka 1912. M'Chimanchu kachidutswa -bu- kamagwira ntchito ziwiri, msintho wochititsa ndi wochitidwa, ndipo *bu* ndiyenso tsinde la mneni wopatsa. Kufanana kumeneku n'kokopa, koma ena adayankha kuti *jiao* wa kuchitidwa amapezeka kale m'zolemba za nthawi ya Tang, Amanchu asanalowe ku Beijing ndi zaka mazanamazana. Ine ndimaima ndi oyankhawa. Chitsanzo cha nyama ndi galu chikuonetsa kuti chiyankhulo chitha kuyenda njirayi chokha. Mlendo atha kufulumizitsa ulendo, koma woyambitsa si iye. Chomwe Hashimoto adaona bwino, ndipo palibe adachigwetsa, ndi malirewo.

Kumwerako n'komwe kuli chuma cha nkhaniyi. Anthu oyankhula Chitchaina adatsikira kumwera m'mafunde: asilikali a Qin atalanda dera la Guangzhou mu 214 Khristu asanabadwe, Luoyang atagwa mu 311, An Lushan ataukira mu 755, Kaifeng atalandidwa mu 1127. Gulu lililonse lidapita ndi Chitchaina cha nthawi yake, n'kukakhala m'zigwa zotchingidwa ndi mapiri pakati pa mitundu ina. Motero dera lililonse lidadzipezera mneni wake wopatsa. *Bun* wa Ahakka ndi 分, kugawa. *Khit* wa ku Quanzhou ndi 乞, chilembo chomwe kale chinkatanthauza kupempha komanso kupatsa. Ku Changsha ndi ku Wuhan amapatsa ndi 把, mneni yemwe pachiyambi adali kugwira m'manja, ndipo m'Chimandarini cha ku Beijing ndiye amaloza chinthu chomwe ntchito yagwerapo. Kum'mawa kwa chigawo cha Hubei liwu limodzili limapatsa, limaloza chochitidwa, limalozanso wochita, ndipo womva amasiyanitsa poona nkhani yomwe ikukambidwa. Zhang Min adafotokoza mu 2011 kuti kuchokera ku kugwira kotereku ndiko kumachititsa kuti madera ambiri a kumwera azitchula chinthu poyamba, munthu pambuyo. Wa ku Beijing amati *gei ni qian*, patsa iwe ndalama. Wa ku Guangzhou amati *bei cin nei*, patsa ndalama iwe.

Chihokkien chili ndi mwayi wokhala ndi zolemba zakale. Sewero la *Lijing ji*, losindikizidwa mu 1566 m'kayankhulidwe ka ku Quanzhou ndi Chaozhou, lili kale ndi *khit* wopatsa, wolola ndi wa kuchitidwa. Ku Manila, komwe amalonda a ku Fujian adadzadza Aspanya atalanda mzindawo mu 1571, ansembe achikatolika adalemba galamala ya chiyankhulo chawo, *Arte de la lengua chio chiu*, cha mu 1620. Amalondawo adapita ndi chizolowezi chawo kulikonse komwe adafika. M'Chimalaya cha Aperanakan a ku Melaka, mbadwa za amalonda achitchaina ndi akazi a kumeneko, mneni *kasi*, kupatsa, amanenanso kuchitidwa. M'Chingerezi cha mumsewu cha ku Singapore mneni *give* amatha kukhala pamalo pomwe Mhokkien akadaika *hoo*. Mawu ndi a eni dziko kapena a atsamunda, koma mafupa a chiganizo ndi a ku Fujian.

Yuen Ren Chao, m'buku lake lalikulu la galamala la 1968, adatenga ziyankhulo zonse za Chitchaina ngati zokhala ndi malamulo amodzi, kupatulapo tinthu tochepa monga ndondomeko ya chinthu ndi munthu ija. Adali katswiri woona, koma apa adachepetsa nkhani. Mapu a ziyankhulo a *Language Atlas of China* a 1987 adagawa Chitchaina m'magulu khumi, ndipo kafukufuku wa zaka zotsatira waonetsa kuti kusiyana kwake sikuli m'katchulidwe kokha. Mneni mmodzi yekhayu akutionetsa magwero osiyana, ndondomeko zosiyana ndi malire osiyana a komwe aliyense adafika.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti umboniwu uli pakamwa pa anthu, ndipo pakamwapo pakusintha. Boma la China lidakhazikitsa Putonghua, Chimandarini chotsata katchulidwe ka ku Beijing, ngati chiyankhulo cha dziko lonse mu 1956. Ku Taiwan, m'zaka za ulamuliro wa asilikali womwe udatha mu 1987, ana ankalangidwa akayankhula Chihokkien kusukulu. Ku Singapore, Lee Kuan Yew adayambitsa mu 1979 ntchito yolimbikitsa Chimandarini, ndipo ziyankhulo za kumwera zidachotsedwa pa wailesi ndi pa kanema. Chiyankhulo chimodzi chogwirizanitsa dziko lalikulu chotero n'chofunika, palibe angakane. Koma mwana wa ku Shanghai yemwe akudziwa *gei* ndi 被 okha wataya *peq*, ndipo pamodzi ndi *peq* wataya lamulo lonse la momwe makolo ake ankanenera tsoka. Mu 2015 boma la China lidayamba ntchito yojambula mawu a ziyankhulo za m'madera, ndipo gawo loyamba lidafika malo oposa 1,700. Ndi ntchito yabwino, ndipo ofufuza a m'tsogolo adzaiyamikira, ngakhale kuti chojambulidwa sichipitiriza kusintha momwe *yu* ndi *gei* adasinthira.

Kwa inu amene mukuphunzira Chimandarini, kaya kusukulu kaya kuntchito, mukakumana ndi *gei* m'chiganizo chomwe mulibe chopatsidwa, yang'anani munthu wotsatira liwulo n'kudzifunsa ngati walandira, wathandizidwa, waloledwa kapena ndiye wachita. Ndipo mukacheza ndi munthu wa ku Fujian, ku Guangdong kapena ku Hunan, m'funseni momwe amanenera "kupatsa" m'chiyankhulo cha kwawo, kenaka momwe amanenera kuti "wamenyedwa." Kawirikawiri mudzamva liwu limodzi m'mayankho onse awiri.